Mbiri ya mano oikirira m'nsagwada: mmene fupa linagwirira chitsulo

Lero tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mwina munamvapo kuti madokotala a mano amatha kulowetsa kachitsulo m'fupa la nsagwada n'kumangirirapo dzino lopanga, losavula usiku. Zimatheka chifukwa fupa ndi lamoyo: lili ndi magazi, limakula, limapola.

Mu 1931, ofukula zakale ku Honduras anapeza nsagwada ya munthu wa mtundu wa Maya amene anakhalako cha m'ma 600 AD. Pamalo pa mano atatu akutsogolo panali tizigoba ta nkhono tosemedwa ngati mano. Poyamba ankayesa kuti tinaikidwa munthuyo atamwalira kale. Koma mu 1970 dokotala wa mano wogwira ntchito ku Brazil, Amadeo Bobbio, ataijambula ndi X-ray, anaona kuti fupa latsopano linamera kuzungulira tizigoba tiwiri. Fupa la womwalira silimera, ndiye kuti tinaikidwa iye ali moyo.

Kwa zaka mazana ambiri, anthu anayesa golide ndi zitsulo zina, koma kawirikawiri zinkagwedera n'kutuluka. Zinthu zinasintha mu 1952 ku Sweden. Dokotala Per-Ingvar Brånemark ankafufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa, ndipo anaika kachipangizo ka chitsulo cha titanium m'fupa la mwendo wa kalulu. Pofuna kukachotsa, kanakanika. Fupa linali litakamatirira kwambiri. Kugwirana kumeneku anakutcha osseointegration.

Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, anaika tizitsulo tinayi m'nsagwada ya m'munsi ya bambo wina, Gösta Larsson, amene analibe mano kumeneko. Tinakhalamo zaka 40, mpaka iye atamwalira mu 2006. Madokotala ambiri ankakayika, mpaka Brånemark ataonetsa zotsatira zake pamsonkhano wa ku Toronto, ku Canada, mu 1982.

Chinsinsi chake chinali kulilemekeza fupa. Ankaboola pang'onopang'ono, akuthira madzi kuti fupa lisapse, kenako n'kusiya kachitsuloko osatafunirapo: miyezi pafupifupi 3 kunsi, miyezi 6 kumwamba. M'nthawi imeneyo magazi amayamba kaye kuundana pabalapo, kenako pamamera fupa lofewa, ndipo pang'onopang'ono limalimba. Kachitsuloko kakagwedezeka msanga, kapena tizilombo tikalowa, pamangomera mnofu m'malo mwa fupa, dzino n'kugwedera. Fodya ndi matenda a shuga osasamalidwa zimachedwetsa kupola kumeneku.

Mano oterewa ndi okwera mtengo, ambirife sitingawafikire. Koma bala lotsala mukazulitsa dzino limapola mwa njira yomweyi, choncho phunziroli ndi lathu tonse:

1. Lumani thonje lomwe akupatsani kuchipatala kuti magazi aundane. Magazi oundanawo ndiwo maziko a fupa latsopano.
2. Tsiku loyamba musachukuche mkamwa mwamphamvu, musalavulelavule, musapisepo lilime, chala kapena kamtengo.
3. Kuyambira tsiku lachiwiri, chukuchani mofatsa ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono mukatha kudya.
4. Idyani zofewa monga phala, ndipo tafunirani mbali inayo.
5. Osasuta. Osaikapo fodya, phulusa kapena mankhwala azitsamba pabalapo.
6. Ngati muli ndi shuga, auzeni adokotala asanakuzuleni, ndipo pitirizani mankhwala anu.

Ululu ukamakula pakatha masiku 2 kapena 3, tsaya likamatupiratupira, thupi likatentha kapena magazi akakana kuleka, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pamwamba, nkhama zimatseka m'masabata ochepa, koma fupa la mkati limatenga miyezi. Lipatseni nthawi yake. Ndipo popeza palibe chitsulo choposa dzino lanulanu, tsukani mano kawiri patsiku, inu ndi ana omwe.