Baibulo ndi Mfuti ku Mbombwe

Pamene Mbusa John Chilembwe ankabwerera kwawo kuchokera ku America m'chaka cha 1900, nkhondo siinali m'maganizo mwake. Mishoni imene anaikhazikitsa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, inali ya mapemphero, sukulu ndi ntchito zamanja.

Koma chapafupi panali esiteti ya Magomero, kumene William Jervis Livingstone ankakhaulitsa anthu ndi thangata. Timatchalitchi taudzu timene Akhristu a Chilembwe ankamanga pamalopo tinkatenthedwa. Paja akuluakulu amati moto umapita kumene kwatsala tchire. Nkhondo ya Azungu itafika ku Karonga mu 1914, Mbusayo analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi ankafera mkangano wa eni, koma boma silinamumvere.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira Magomero, napha Livingstone ndi kumudula mutu. Akazi ndi ana a Azungu sanawaphe. M'mawa mwake, Lamulungu, Chilembwe analalikira mutuwo uli poonekera m'tchalitchi, chinthu chimene ambiri omulemekeza amachilambalala posimba mbiri yake. Patapita masiku ochepa, mishoni ya Katolika ku Nguludi nayonso inatenthedwa. Opemphera anaukira opemphera anzawo.

Atsamunda, amenenso ankadzitcha Akhristu, anabwezera mopyola muyezo. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale, otsatira ake ambiri ananyongedwa, ndipo tchalitchi chanjerwa cha ku Mbombwe anachiphwasula ndi mabomba. Mishoniyo inakhala yotseka kufikira mu 1926, pamene Dr. Daniel Malikebu anaitsegulanso.