Mwana wa ku Chigwa ndi Thumba la Boma

Boma lisanayambe kulankhula zophunzitsa achinyamata ntchito, kuno ku Chigwa cha Shire kunali nomi. Anyamata ndi atsikana a mudzi umodzi ankasonkhana okha, n'kusankha atsogoleri awo, n'kumayenda m'minda ya anthu kulima ganyu pamodzi. Zomwe apeza ankasunga, ndipo nyengo ikatha ankachita phwando. Agogo anga aakazi, amene anakulira kwa Tengani, ankati khasu analidziwira m'nomi, ndipo ndi momwemo anaphunzira kulawirira kumunda dzuwa lisanakalipe, kuwerengera malipiro, ndi kumvera mnzako amene mwamusankha nokha. Wolemba mbiri Elias Mandala anawafotokoza magulu amenewa m'buku lake la 1990 lonena za chigwa chino. Ndayamba ndi nomi chifukwa m'mbiri yonse imene ndikufuna kukamba, imeneyi ndiyo sukulu ya ntchito imene mwana wa kuno ankaipeza pakhomo, osakwera phiri.

Amishoni a South Africa General Mission atabwera, anakamanga ku Lulwe ndi ku Chididi, m'mapiri a kumadzulo kwa Nsanje, kothawa kutentha ndi udzudzu. Boma la atsamunda linadzakhala ndi nthambi yoona za maphunziro mu 1926, ndipo sekondale zoyamba zinatsegulidwa ku Blantyre ndi ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, kenako ku Dedza mu 1951. Kuchigwa kuno atsamunda ankafunako zinthu ziwiri, thonje ndi njanji. Sitima inayamba kuyenda pakati pa Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha mu 1935. Fizi ya mwana inkachokera m'thonje. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anakwera n'kumiza madimba ambiri amene ankabereka thonjelo, ndipo amuna anayamba kukhamukira ku Southern Rhodesia ndi ku Beira. Amisiri achikulire amene ndinawapeza ndili mwana, akalipentala, omanga nyumba za njerwa, osoka pa makina, luso lawo analitenga kunjanji kapena kunja kwa dziko.

Dongosolo loyamba la boma la Amalawi lophunzitsa achinyamata ntchito linali la Apayoniya, lomwe linayamba mu 1963 mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, malo ake oyamba ophunzitsira ali ku Nasawa, ku Zomba. Dzina limeneli anthu ambiri amalikumbukira ndi mantha, ndipo ali ndi chifukwa: makhadi a chipani pa msika ndi pokwerera basi, zikwapu, ndi anthu otengedwa usiku. Sindikufuna kuchepetsa zimenezo. Koma ndinaonanso ndi maso anga anyamata amene analephera kupitirira Sitandade 5 akubwerako akudziwa kuyendetsa thirakitala, kupala matabwa ndi kuyala njerwa. Mnyamata wopanda fizi, wopanda m'bale m'tauni, khomo lokhalo limene linkamutsegukira popanda kumufunsa ndalama linali limenelo. Ena anakhazikitsidwa m'masikimu a mpunga monga Muona ndi Nkhate, amene anamangidwa ndi thandizo la alangizi a ku Taiwan, kumene ankalima komanso kuyang'anira alimi anzawo, ndipo kuyang'anirako nthawi zambiri kunkakhala kuopseza. Mkulu wa gulu lonseli m'zaka za m'ma 1970 anali mwana wa ku Nsanje komwe kuno, Gwanda Chakuamba, amene anamangidwa mu 1980, n'kulamulidwa kukhala kundende zaka 22, n'kudzatuluka mu 1993. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida za Apayoniya pa chimene chinatchedwa Operation Bwezani. Mfuti zinachoka, ndipo zinayenera kuchoka. Koma maphunziro a ntchito zamanja a mwana wosauka anachokera limodzi ndi mfutizo, ndipo panapita zaka zambiri popanda cholowa m'malo.

M'zaka za m'ma 1960 zomwezo kunabweranso zinthu ziwiri zazikulu. Ku Nchalo kampani ya SUCOMA inayamba kupanga shuga mu 1966. Ku Ngabu kunakhazikitsidwa chitukuko cha thonje mu 1968 ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, chimene chinadzakula n'kukhala cha chigwa chonse. Alangizi ankayenda pa njinga kuphunzitsa alimi kupopera thonje ndi mpope wobereka kumsana, ndipo mpopewo ndi mankhwala ankatenga pa ngongole yobweza pogulitsa. Bambo anga anali mmodzi mwa alimi amenewo, ndipo fizi yanga ya ku sekondale inkadikira tsiku limene Admarc itsegule msika. Chaka chimene mbozi zapambana, tinkadziwiratu kuti pakhomo pano wina mwa ife akhala, ndipo wokhalayo kawirikawiri ankakhala mlongo.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga amene amati kale boma linkasamala ophunzira. N'zoona kuti Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, wophunzira ankagona, kudya ndi kuphunzira popanda kulipira, n'kumalandiranso kandalama ka m'thumba. N'zoonanso kuti Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981, inkatenga ana ochepa okhoza bwino m'boma lililonse n'kuwaphunzitsa mwaulere. Koma pulayimale inali yolipira. Mwana wa ku Makhanga kapena kwa Chapananga ankagwera pa fizi ya Sitandade 3 ndi pa yunifolomu, zaka khumi asanafike pamene panali chakudya chaulerecho. Boma linkathira ndalama zambiri pa anthu ochepa amene afika pamwamba, ndipo a kuchigwa amene ankafikako ankawerengeka ndi zala.

Kuyambira 1985 ophunzira a ku yunivesite anayamba kusonkhako, ndipo boma linayamba kuwabwereketsa ndalama. Mu 2001 chopereka cha pachaka chinadumpha kuchoka pa K1,500 kufika pa K25,000. Panalinso nkhani ya kota, yogawa malo a ku yunivesite potengera boma lochokera, imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inaimitsidwa ndi khoti mu 1993, inabwereranso m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, n'kuthetsedwa mu 2020. Kuno ambiri ankaikonda chifukwa inkasungira Chikwawa ndi Nsanje malo awoawo. Ine ndinkaona kuti inkalanga ana a kumpoto amene akhoza bwino, pamene ife inkatipatsa mipando yochepa popanda kukonza sukulu zimene zinkatilepheretsa kupikisana.

Chimene chinasintha mudzi weniweni ndi 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana a sukulu m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ndinali mphunzitsi nthawi imeneyo. Ana anabwera a misinkhu yonse, ena otha kale msinkhu, n'kukhala pansi pa mitengo m'dzuwa la Okutobala limene aliyense wa kuno akulidziwa. Chigwa chinali chitangotsazikana ndi anthu othawa nkhondo a ku Mozambique, amene m'misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu anachuluka mpaka kuposa eni boma la Nsanje, ndipo nyumba zina zimene zinamangidwa chifukwa cha iwo ndi zimene tinaphunzitsiramo. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo, n'kumawaphunzitsa ali kale m'kalasi. Anthu amaipeputsa ntchito imeneyo, koma kuno inapatsa malipiro a pamwezi anyamata ndi atsikana ambiri a Fomu 2 ndi Fomu 4 kuposa dongosolo lina lililonse limene ndikulikumbuka.

Khoma linangosunthira kutsogolo, pa Fomu 1. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sukulu za MCDE zinasandulika sekondale zoyendera, ndipo ndi kumene ana ambiri a kuno amasankhidwira. Pamenepa ndi pamene pali basale, ndipo ndikufuna ndifotokoze mmene imayendera chifukwa ndakhalapo m'makomiti osankha ana. Mwana wamasiye kapena wa pakhomo posauka amalembedwa dzina kumudzi, dzinalo limadutsa kwa amfumu ndi kwa aphunzitsi aakulu, n'kukafika ku ofesi yosamalira anthu ku boma. Mayina amapita ochuluka, obwerako ndi ochepa. Ndalama zimafika teremu ili pakati kapena itatha, mwana atabwezedwa kale kunyumba kangapo. Ndipo basaleyo imalipira fizi, pamene chimene chimagwetsa mwana si fizi yokha. Mtsikana wochokera kutali ndi sukulu amachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, amadziphikira yekha, amafunika ufa, sopo, nyali ndi nsapato. Ndinaona mtsikana wina wanzeru kwambiri, fizi yake italipiridwa yonse, akusiya sukulu ali Fomu 3 chifukwa kwawo madzi anakokolola chimanga cha kudimba ndipo panalibe womutumizira ufa. Amene anayamba kumugulira ufawo ndi amene anamupatsa mimba. M'mabuku a ofesi iye anawerengedwa kuti anathandizidwa.

Mu 2018 boma linachotsa fizi ya K500 pa teremu m'sekondale zake. Makolo anayamikira, koma ankadziwa kuti K500 sinali katundu wolemera. Zolemera zinali ndalama za chitukuko cha sukulu, za mayeso, ndi zogonera.

Lamulo la 2015 linakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, n'kulipatsa mphamvu yolondola ngongole zakale kuyambira 1985. Ndimagwirizana nalo lamuloli. Amene anaphunzira ndi ndalama za dziko n'kupeza ntchito abweze, kuti wina aphunzirenso. Koma taonani ulendo wa mwana wa kutsidya kwa Shire wofuna ngongoleyo. Njanji ya pa Chiromo inaduka ndi madzi mu 1997, ndipo kuchoka ku Makhanga kupita ku Bangula n'kukwera bwato pa Mtayamoyo, kulipira, kenako kabaza, kulipiranso. Akafika afune intaneti, ajambulitse zikalata, asainitse kwa akuluakulu, alipire ndalama yofunsira. Akapatsidwa malo ndi ngongole, afunenso ya basi yokwerera ku Thabwa mpaka ku Blantyre, Zomba kapena Mzuzu, ndi ya chakudya cha masabata oyamba ngongole isanatuluke. Mabanja ambiri amagulitsa mbuzi kapena kubwereketsa dimba kuti mwana akangofika pa geti.

Pa ntchito zamanja nkhani ndi yomweyo. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha kandalama kowerengedwa potengera malipiro a antchito awo kuti kathandize maphunziro a luso. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili m'gulu la malo olemba anthu ambiri m'dziko muno, choncho chigwa chimasonkha nawo mokwanira. Koma makoleji akuluakulu a luso ali ku Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Palibe ngakhale imodzi kumunsi kwa phiri. Owotcherera zitsulo amene mumawaona pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Ngabu, okonza njinga zamoto ndi mainjini opopera madzi, ambiri anaphunzira poimirira pambali pa mmisiri wina, kumugwirira zida zaka zingapo popanda malipiro. Ntchito amaidziwa, pepala alibe, ndipo kampani ikabwera ndi ntchito yaikulu imafunsa pepala.

Bingu wa Mutharika analonjeza yunivesite ku Bangula, yoona za thonje ndi madzi. Pa malonjezo onse amene tinamva, limeneli ndi limene linali loganiziridwa bwino, chifukwa thonje ndi madzi ndiwo moyo ndi imfa ya chigwa chino. Mu Okutobala 2010 anatsegula doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Sitima sizinabwere, ndipo ku Bangula sikunamangidwe kanthu, pamene yunivesite ya ku Ndata, ku Thyolo, inatsegulidwa mu 2014. Chimene chinatsikadi ndi makoleji a luso a m'madera, amene Peter Mutharika anawayambitsa mu 2015 ku Ngara, ku Karonga. Kwa Tengani kuli imodzi, ndipo ndimaiyamikira ndi mtima wonse, ngakhale kuti malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amamaliza Fomu 4 chaka chilichonse. Dongosolo la 2018 lolowetsa omaliza maphunziro m'maofesi a boma kuti azolowere ntchito linathandiza ena, koma limayambira pa amene ali kale ndi digiri kapena dipuloma.

Pamwamba pa zonsezi pali madzi. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, ndi namondwe Ana mu 2022 komanso Freddy mu 2023, sukulu za kuno zinasanduka misasa. Mabanja ankagona m'makalasi, mabuku ananyowa, ndipo ana a Sitandade 8 ndi Fomu 4 anataya masabata amene anzawo a kumtunda ankaphunzira, koma mayeso analemba tsiku limodzi, mafunso omwewo. Zotsatira za mayeso amenewo ndi zimene zimasankha wopita ku sekondale yogonera, wolowa koleji ya luso, ndi woyenera kufunsira ngongole.

Tsopano akukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, ntchito imene inayamba mu 2020 ndipo cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Idzafuna oyeza malo, okonza zitseko za madzi, amagetsi, oyendetsa makina, ndi osunga mabuku a makopaletivu a alimi. Ana amene adzakhale a msinkhu wogwira ntchito zimenezo madzi akadzafika ku Bangula ali ku pulayimale ndi ku sekondale zoyendera lero. Pempho langa kwa aphungu athu ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje ndi lakuti basale iziphatikiza chakudya ndi pogona pa mtsikana wa sekondale yoyendera, izifika teremu isanayambe, ndipo koleji ya luso yophunzitsa za ulimi wothirira imangidwe ku Ngabu kapena ku Bangula ngalandeyo isanathe.