Mbiri ya Ng'oma ndi Malipenga m'Zigwa za Kasungu

Kalekale, mawailesi ndi zokuzira mawu zisanafike, anthu a m'zigwa za Kasungu ankamva uthenga wa maliro, chinamwali kapena kulongedwa kwa mfumu kudzera m'kulira kwa ng'oma. Chodabwitsa nchakuti chikopa chachikulu ngati chipeta chinkamveka kumidzi yakutali pamene mfuu ya munthu wamphamvu inkathera padambo. Chinsinsi chake chagona pa mfundo ziwiri za sayansi zimene makolo ankazigwiritsa ntchito zisanalembedwe m'mabuku a sukulu.

Mawu alionse amayamba ndi kunjenjemera. Chinthu chikamenyedwa ndi kusiyidwa, chimanjenjemera pa liwiro lakelake lachibadwa, molingana ndi kukula, kulemera ndi kukungika kwake. Koma chinthu chikhozanso kunjenjemeretsedwa ndi chinzake pa liwiro la chinzakecho, ndipo kumeneku ndiko kunjenjemera kokakamizidwa. Liwiro la chokakamizacho likafanana ndi liwiro lachibadwa la chokakamizidwa, kunjenjemerako kumakula kwambiri ndipo mawu amakwera. Akatswiri amatcha zimenezi resonance m'Chingerezi, koma m'Chichewa tingati kuvomera, pakuti zimafanana ndi gulu limene lavomera nyimbo pa nthawi yake yeniyeni.

Ng'oma za Gule Wamkulu, monga mbalule ndi mpanje, zimaonetsa bwino mfundo zimenezi. Mmisiri amagoba chipika cha mtengo nakunga chikopa pakamwa pake ndi zikhomo. Woimba akamenya, chikopa chimakankha mpweya umene uli m'mimba mwa ng'oma, ndipo mpweyawo umavomera mawu amene akugwirizana ndi kutalika ndi kukula kwa mphakoyo. Nchifukwa chake mmisiri sagoba chigobegobe. Alinso ndi njira ziwiri zokonzera mawu. Akawamba ng'oma pamoto, chikopa chimakungika ndipo mawu amakhala aang'ono, okwera. Akamata phula pakati pa chikopa, chimalemera, chimanjenjemera pang'onopang'ono, ndipo mawu amakhala aakulu, otsika. Amadziwanso malire ake, monga mwambi unenera kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Ku Ulaya, Galileo Galilei wa ku Italy analongosola m'buku lake la m'chaka cha 1638 kuti chinthu cholendewera chimagwedezeka kwambiri chikamakankhidwa pang'onopang'ono koma pa nthawi yoyenera. M'chaka cha 1863, pamene David Livingstone anafika pa linga la Mwase ku Kasungu, Hermann von Helmholtz wa ku Germany anatulutsa buku lofotokoza za kamvedwe ka mawu. Iye ankagwiritsa ntchito timiphika tagalasi ndi tamkuwa tokhala ndi kamwa yaing'ono, ndipo kamphika kalikonse kankavomera mawu amodzi okha. Timiphika timeneti sitinkasiyana kwenikweni ndi chipanda chimene woimba kalimba amaikamo choimbira chake kuti chilire mokweza.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, inabweretsa mutu watsopano m'mbiri imeneyi. Amuna zikwizikwi a mu Nyasaland anatengedwa, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ena ngati amtengatenga osenza akatundu. Kumeneko anaona perete wa asilikali ndi malipenga amkuwa. Atabwerera kwawo, achinyamata anayamba magule otsanzira perete: malipenga pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, ndiponso mganda m'maboma a Chigawo Chapakati monga Kasungu, Dowa ndi Ntchisi. Ovina ankavala makabudula oyera ochapidwa bwino, nkuima m'mizere monga asilikali.

Popeza malipenga amkuwa sankapezeka m'midzi, iwo anatembenukira ku mphonda za m'munda. Anaboola chikho chouma, namata kachikopa kopyapyala kochokera pa chisa cha kangaude. Woimba sauzira mpweya chabe ayi, koma amang'ung'udza nyimbo m'chikhomo. Mawu a pakhosi pake amakakamiza kachikopako kunjenjemera pa liwiro lawo, ndipo mpweya wa m'chikho umakuza mawu amene ukugwirizana nawo. Zikho zazikulu zimakometsa mawu otsika, zazing'ono mawu okwera, kotero gulu lonse limamveka ngati bandi ya asilikali. Apa anthu amene anasenzetsedwa katundu wa nkhondo ya eni anasandutsa chikumbutso cha masautso kukhala luso lawolawo.

Mphamvu ya kuvomera siithera pa zoimbira. M'chaka cha 1831, mlatho wa Broughton pafupi ndi Manchester ku England unagwa pamene asilikali ankaoloka akuponda mwendo umodzi, ndipo kuchokera apo asilikali analamulidwa kumwaza mapazi pooloka milatho. M'chaka cha 2000, mlatho wa Millennium mu London unatsekedwa patangopita masiku awiri chiutsegulireni, chifukwa unkagwedezeka pamene mapazi a anthu oyenda anagwirizana ndi kugwedera kwake. Mphamvu yaing'ono yobwerezedwa pa nthawi yake ikhoza kukometsa nyimbo, ikhozanso kugwedeza zitsulo.

Anthu akunja anazindikira kufunika kwa zoimbira za kuno. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music m'chaka cha 1954, anayendera Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za m'midzi. M'chaka cha 2005, bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu wa Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chimodzi mwa chuma chamtengo wapatali cha chikhalidwe cha anthu onse.

Komabe ulemu wochokera kutali sungadzale mtengo. Kukula kwa ulimi wa fodya ku Kasungu, makamaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, kunachititsa kuti nkhalango zambiri ziswedwe mphanje, ndipo mitengo ina inathera m'ng'anjo zoumitsira fodya ndi pomanga zigafa. Fodya anaphunzitsa ana ambiri ndi kufolera nyumba ndi malata, koma ng'oma yabwino imafuna chipika chokhwima chimene chimatenga zaka makumi angapo kuti chikule. Mitengo yotere ikasowa, mmisiri alibe pophunzitsira mdzukulu wake, ndipo luso limene silinalembedwe limaikidwa m'manda limodzi ndi mwini wake.

Motero wophunzira amene akuwerenga za kunjenjemera kwa mawu asaganize kuti phunziroli ndi lachilendo. Apite kwa wogoba ng'oma akafunse chifukwa chake mphako imasemedwa motero, alembe zimene wamva, ndipo adzale mtengo umene ana ake adzagobe.