Moto wa ku Namugongo ndi Mlandu wa Masiku Ano

Chaka ndi chaka, pa 3 Juni, khamu lalikulu la anthu limasonkhana ku Namugongo, pafupi ndi mzinda wa Kampala m'dziko la Uganda. Ena amayenda pansi milungu yathunthu kuti akagwade pamalo pamene anyamata a kunyumba ya mfumu anatenthedwa m'chaka cha 1886. Ngakhale kwathu kuno tili nao ana, sukulu ndi matchalitchi otchedwa Kizito ndi Lwanga. Koma masiku ano maina a Amaritiri amenewa akumvekanso kwina: m'nyumba za malamulo ndi m'misonkhano ya ndale, pamene anthu akukangana za amuna okhalira malo amodzi ndi amuna anzao, ndi akazi chimodzimodzi. Tsono tisanawaitane oyerawa kudzachitira umboni pa mlandu wathu, nkoyenera kuti tiyambe tamva bwino mbiri yao.

Amishoni a Mpingo wa Anglican anafika mu ufumu wa Buganda m'chaka cha 1877, ndipo m'chaka cha 1879 kunafika Bambo Siméon Lourdel ndi Bulazala Amans a chipani cha White Fathers. Anapeza Asilamu atakhazikika kale pabwalo la mfumu Mutesa. Mafumu a dzikolo, otchedwa Kabaka, ankasunga anyamata ambiri, ana a nduna ndi a mafumu aang'ono, amene ankatumikira kunyumba yachifumu pophunzira ntchito za utsogoleri. Ambiri mwa oyamba kulandira chikhulupiriro anali anyamata amenewa.

Mutesa atamwalira mu 1884, ufumu unagwera mwana wake Mwanga, mnyamata wosakwana zaka 20. Inali nthawi yoopsa. Azungu anali atakhala pansi ku Berlin kupangana za kagawidwe ka Afrika, ndipo Ajeremani anali atayamba kulanda maiko a kugombe la kum'mawa. Mwanga anaona kuti anyamata ake omwe ayamba kumvera alendo koposa iye. Atamva kuti Episkopi wa Anglican, James Hannington, akubwera kudzera ku Busoga, njira imene Aganda ankaiopa kuti adani adzalowerako, analamula kuti aphedwe. Izi zinachitika mu Okutobala 1885.

Panalinso nkhani ina imene makolo athu m'chikhulupiriro ankainena monong'ona. Mfumuyo inkafuna kugona ndi anyamata ake, ndipo m'dzikomo munalibe munthu wokaniza Kabaka kanthu. Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu woyang'anira nyumba yachifumu, ankabisa anawo powatuma kutali mfumu ikawaitana. Iyeyu ndiye analimba mtima nadzudzula Mwanga chifukwa cha imfa ya Hannington. Pa 15 Novembala 1885 anamdula mutu natentha mtembo wake. Ntchito yoteteza anyamatawo inatsalira Charles Lwanga.

Mu Meyi 1886 mkwiyo wa mfumu unasefukira ku Munyonyo. Usiku Lwanga anabatiza mobisa ophunzira angapo, mmodzi mwa iwo Kizito, mwana wa zaka ngati 14. Kutacha Mwanga anasonkhanitsa anyamata onse nalamula kuti opemphera apatuke. Anapatukadi. Anawamanga nawayendetsa ulendo wa ku Namugongo, ndipo pa 3 Juni, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, anawakulunga m'mabango nawaika pamoto, Akatolika ndi Aanglican pamodzi. Mbaga Tuzinde anali mwana wa mkulu wa akupha anthu. Atate ake anamdandaulira kuti akane chipembedzo kuti amthawitse, koma iye anakana. Pa zaka za 1885 mpaka 1887, amene maina ao akudziwika ndi Akatolika 22 ndi Aanglican 23. Papa Paul VI anawalemba Akatolikawo m'gulu la oyera pa 18 Okutobala 1964.

Mwanga naye sanathe bwino. Angelezi analanda dziko lake mu 1894. Iye anawaukira mu 1897, anagwidwa mu 1899, ndipo anakafera ku zilumba za Seychelles mu 1903. Mantha ake pa alendo sanali opanda pake. Atsamundawo ndiwo anabweretsa malamulo olembedwa olanga amuna ogonana okhaokha. Anayamba kuwalemba ku India mu 1860, nawafalitsa m'maiko ambiri amene ankawalamulira, kuphatikizapo Uganda ndi Nyasaland. Chigawo 153 cha malamulo athu a milandu, chopereka zaka 14 za ndende, chinachokera m'buku la atsamunda la 1930.

Patapita zaka zoposa 120 chichitikire za ku Namugongo, phungu wina wa ku Uganda, David Bahati, anabweretsa ku nyumba ya malamulo mu 2009 lamulo lofuna kuti ena mwa anthu otere aziphedwa. Pulezidenti Museveni anasaina lamulo lochepetsedwako mu Febuluwale 2014, koma bwalo lalikulu linalithetsa mu Ogasiti chaka chomwecho poti aphungu anali osakwanira polivomereza. Mu Meyi 2023 anasainanso lina, lopereka ndende ya moyo wonse, ndiponso imfa pa milandu ina. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayamba yaimitsa ngongole zatsopano. Andale anati Azungu akufuna kugula chikhalidwe cha Afrika ndi ndalama. Otsutsa anati alaliki ena a ku America ndiwo anakolezera motowo. Mbali zonse zinkaloza chala mlendo.

Kwathu kuno mkanganowo unafika mu Disembala 2009, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe ku Blantyre. Tiwonge anabadwa mwamuna, koma amadzimva ndi kudzitchula mkazi. Mu Meyi 2010 bwalo linawagamula zaka 14, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon. Mu Julayi 2023 atsogoleri a zipembedzo anatsogolera zionetsero zokana maukwati otere, ndipo mu Juni 2024 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linasiya lamulo lija momwe linalili.

Nanga Eklezia akuti chiyani? Katekisimu, pa ndime 2357 ndi 2358, akuphunzitsa zinthu ziwiri zosalekanitsika: kuti mchitidwewo sungavomerezedwe, ndiponso kuti anthu ake tiwalandire mwaulemu ndi mwachifundo, osawasala mopanda chilungamo. Malemu Papa Francis ananena mu Januwale 2023 kuti tchimo ndi mlandu wa boma ndi zinthu zosiyana, ndipo malamulo omanga anthu otere sali olungama. Koma Roma atatulutsa chikalata cha Fiducia Supplicans mu Disembala 2023, chololeza madalitso achidule kwa anthu awiri okhalira limodzi motere, Aepiskopi a ku Malawi ndi a ku Zambia anakana kuti zichitike m'maiko mwao, ndipo mu Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo analankhula zofananazo m'dzina la Aepiskopi a mu Afrika. Zikuonetsa kuti mtolowu ngwolemera ngakhale kwa abusa athu.

Tsono mbiri ya Namugongo ikutiuza chiyani? Choyamba, ikutiletsa kunama. Amene amati zinthu izi zinabwera ndi Azungu akumbukire kuti zinalipo pabwalo la Mwanga Mngelezi asanalamulire, ndipo amishoni a nthawi imeneyo ankati zinabwera ndi Aluya. Mtundu uliwonse umafuna kukankhira mnzake. Chimene tikudziwa ndithu kuti chinabwera pa sitima za atsamunda ndi lamulo la ndende. Komanso amene amati Amaritiri anali zida chabe za atsamunda akuiwala kuti mwana safera pamoto chifukwa cha mfumukazi ya ku London imene sanaionepo. Anyamatawo anafera Khristu.

Chachiwiri, tizindikire chimene anakana. Anasunga chiyero monga anaphunzitsidwa, inde. Koma amene anawaitana sanali mnzao wofanana naye: anali mfumu yokhala ndi mphamvu pa moyo ndi imfa, yoitana ana oikizidwa m'manja mwake. Iwo anaonetsa kuti thupi ndi mtima wa munthu si katundu wa wolamulira. Amene alowa m'malo mwa Mwanga lero ndi aliyense wogwiritsa ntchito udindo wake pogwirira wamng'ono, kaya mnyamata kaya mtsikana: mphunzitsi, bwana, malume, ngakhale wovala mkanjo wa tchalitchi. Kodi milandu imeneyi timaichitira zionetsero ndi changu chomwecho?

Chachitatu, tione mbali imene oyerawa anaima. Pa Namugongo panali osonkha nkhuni ndi oikidwa pankhuni, ndipo Amaritiri onse anali pankhuni. Joseph Mukasa popita kukaphedwa anatumiza mau kwa mfumu oti waikhululukira, koma ilape. Sanabise choona, komanso sanapemphe mutu wa munthu. Mkhristu angathe kugwira chiphunzitso cha Eklezia pa za ukwati osasunthika, koma sangatchule dzina la Lwanga popempha chingwe, pakuti kuyambira 2018 Katekisimu yemweyo akukana chilango cha imfa pa mlandu uliwonse.

Nkhaniyi sithera ku Kampala kapena ku Roma. Tsiku lina ingathe kulowa m'nyumba mwanu, awerengi okondedwa, m'kamwa mwa mwana wanu akunjenjemera. Pamenepo sipadzakhala phungu kapena kazembe wa dziko lakunja. Padzakhala inu, mwanayo ndi Mulungu. Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mukajanga, atate a Mbaga Tuzinde, anamvera lamulo nataya mwana wake, ndipo mbiri ikuti analira. Pa 3 Juni, pogwada, tiwapemphe Amaritiri zinthu ziwiri zimene iwo anali nazo pamodzi: mtima wosagonja pa choona, ndi manja osasonkhera munthu moto.