Mbiri ya Njerwa ndi Mabuloko mu Mzinda wa Lusaka

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tiphunzira za zinthu zimene zinamanga likulu la dziko lathu.

Lusaka anayamba mu 1905 monga malo oimapo sitima ya pamtunda, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Pansi pa dera limeneli pali mwala wa laimu wambiri, ndipo azungu oyamba kukhazikikapo anali kuuocha m'ng'anjo kuti apeze laimu womangira. Mmodzi wa iwo anali Mtaliyana wochedwa Marrapodi, amene komboni ya Marrapodi inatenga dzina lake.

Mu 1931 Profesa Stanley Adshead analemba pulani ya likulu latsopano. Iye anafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa nyumba zotalikirana, ndipo mu 1935 boma linasamukira kumeneko kucokera ku Livingstone. Nyumba za boma zinamangidwa ndi njerwa zoocha, koma pulaniyo sinasamale za Aafirika ambiri obwera kudzafuna nchito. Iwowa anadzimangira okha m'makomboni ndi mitengo, dothi ndi njerwa zosaocha, zimene zimasungunuka mvula ikacuruka.

Fakitale ya simenti ya ku Chilanga inakhazikitsidwa mu 1949, ndipo simenti yake inathandiza kumanga damu la Kariba. Mu 1974 boma linapanga lamulo lovomereza makomboni ena kukhala malo okhalamo. Mothandizana ndi World Bank, linaika miseu ndi mipope ya madzi ku Chawama, George ndi Chaisa, nilibwereka anthu zomangira. Motero mabuloko a simenti analowa m'malo mwa dothi.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu Lusaka. Mzinda ukamafutukukira kunja umadya minda, ndipo miseu ndi mipope zimafuna ndalama zambiri. Ncifukwa cace akatswiri amalimbikitsa kumanga pa malo opanda kanthu amene anatsala pakati pa mzinda. Komabe comangira ciriconse ciri ndi mtengo wake. Njerwa zoocha zimatha nkhuni m'nkhalango, ndipo kupanga simenti kumafuna moto waukulu. Njira ina ndiyo njerwa za dothi losanganiza ndi simenti pang'ono, zotsindiridwa ndi makina nkuumitsidwa popanda moto.

Tsono ana inu, kayang'aneni zipupa za sukulu yanu ndi za kwanu. Funsani akulu-akulu kuti zomangirazo zinacokera kuti, ndipo mulembe zimene mwapeza m'mabuku anu.