Kodi sakramenti n'ciyani?

Mukapita ku ubatizo m'chalichi ca Katolika, mudzaona wansembe akuthira madzi katatu pamutu pa mwana. Madziwo ngotunga pacitsime kapena pampopi, kenaka amawadalitsa. Akatolika amakhulupirira kuti pamene madzi akutsika pamutu, Mulungu akutsuka mtima wa mwanayo. Sakramenti ndi zimenezi: cizindikiro cooneka ndi maso, cimene Yesu Khristu anaika, copatsa munthu mphatso ya Mulungu yosaoneka. Mphatsoyo amaicha caulere, cifukwa sigulidwa.

Masakramenti alipo asanu ndi awiri. Atatu amalowetsa munthu mumpingo: Ubatizo, Ulimbitso (ambiri kuno amangoti crisma, monga m'Cipwitikizi) ndi Ukaristia. Awiri ngociritsa: Kulapa ndi Kudzoza odwala. Otsalawo ndi Ukwati ndi Ukulu, umene umapatsa munthu udikoni, unsembe kapena uepiskopi. Maepiskopi anatsimikiza ciwerengeroci mu 1547 pa msonkhano wa ku Trento, m'dziko la Italy. Nthawi imeneyo mipingo yambiri imene inacoka m'Katolika inasunga awiri okha, Ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye. N'cifukwa cake mnansi wanu wa mpingo wina akamawerenga, amalekezera pa awiri.

Ubatizo, Ulimbitso ndi Ukulu salandira kawiri. Ukaristia ndi Kulapa mungalandire kawirikawiri moyo wanu wonse.

Kumidzi kwathu wansembe amatha miyezi asanafike, ndiye mvetsani bwino apa. Khanda likadwala mwakayakaya, munthu aliyense angathe kulibatiza, ngakhale inuyo. Thirani madzi pamutu pake, nenani kuti mukulibatiza, ndipo chulani dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Ubatizowo ngweniweni. Pambuyo pake kauzeni akatekisiti kuti dzina lilembedwe m'buku la parishi.

Kudzoza odwala kumaopsa anthu ambiri. Ena akaona wansembe akubwera ndi mafuta amayamba kulira maliro munthu ali moyo! Kale sakramentili linkaperekedwa makamaka kwa amene akutsirizika, koma msonkhano wa Vatikano waciwiri (1962 mpaka 1965) unafotokoza kuti ndi la aliyense wodwala kwambiri kapena wofooka ndi ukalamba. Kunena zoona, kudikira mpaka wodwala asiye kulankhula n'kumumana. Mafuta ake amadalitsa ndi episkopi, kawirikawiri pa sabata loyera Pasaka asanafike.

Pa Ukwati, opatsana sakramenti ndi mwamuna ndi mkazi eni ake, pamene akulonjezana. Wansembe amakhala mboni ya mpingo ndi kuwadalitsa.

Nanga ndalama zija amapereka pa ubatizo kapena pa ukwati? Ndi copereka cothandiza parishi basi. Lamulo la mpingo limaletsa kumana munthu sakramenti cifukwa ca umphawi. Ngati mulibe kanthu m'thumba, kalankhuleni ndi akatekisiti kapena bambo mfumu tsiku lisanafike.