Anawaphunzitsa Chinyanja ndani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo amene mumatsatira tsamba lino, kodi mukudziwa kumene dikishonale yoyamba yaikulu ya chinenero chathu inalembedwera? Sikunali m'mbali mwa nyanja ya Niassa, sikunali ku Tete kapena ku Blantyre. Kunali pafupi ndi Mombasa, ku Kenya, ndipo anailemba ndi Mjeremani amene nyanjayo sanaionepo ndi maso ake. Ndakhala ndikuwerenga za anthu amene anadziphunzitsa okha Chinyanja kusanakhale buku kapena kalasi yochiphunzitsa, ndipo ndapeza kuti mawu akuti "okha" ndi onama pang'ono. Pambali pa aliyense panakhala munthu wakwathu amene ankatchula mawu, kubwereza, kukonza, kubwerezanso. Dzina la mlendo lili pachikuto. La mphunzitsi wake mumachita kulifunafuna m'kati, ngati lilimo n'komwe.

Mjeremaniyo anali Johannes Rebmann, mmishonale amene anakhala ku Rabai kuyambira mu 1846. Mabuku a mbiri amamukumbukira chifukwa ndiye mzungu woyamba kuona phiri la Kilimanjaro mu 1848. Mu 1853 anakumana ndi kapolo wina wotchedwa Salimini, amene anagwidwa kwawo zaka pafupifupi khumi m'mbuyomo n'kukagulitsidwa kugombe la nyanja yamchere. Salimini linali dzina la Chiswahili limene anapatsidwa ku ukapolo. Kwawo kunali ku Mphande, kudera limene akatswiri amati ndi cha ku Lilongwe. Awiriwa ankamvana m'Chiswahili, ndipo mu 1853 ndi 1854 anasonkhanitsa mawu ndi ziganizo zimene zinadzasindikizidwa mu 1877 pafupi ndi Basel, m'buku la mutu wakuti Dictionary of the Kiniassa Language. Rebmann sanaligwire m'manja bukulo, chifukwa anamwalira mu 1876 ali wakhungu, ndipo amene analikonza ndi mnzake Ludwig Krapf.

Chimene chimandidabwitsa ndi khutu la Salimini. Munthu woti wakhala zaka khumi pakati pa anthu a chinenero china, koma ankakumbukirabe ngakhale kusiyana kwa kalankhulidwe ka kwawo ndi ka anzawo a kum'mwera. Chakwawocho ankachitcha cha kumtunda, ndipo anafotokoza kuti mtengo umene iye ankautcha kamphoni, Amaravi ankautcha mombo. Pamene ife timati "zaka ziwiri", iye ankati "bzaka bziwiri". Ku Freetown, ku Sierra Leone, kunali wina woomboledwa ku ukapolo, dzina lake Mateke, amene mawu ake analowa m'buku la Sigismund Koelle la 1854, ndipo iyeyo ankati "dzaka dziwiri". Anthu awiri obedwa kwawo, mmodzi kum'mawa kwa Africa wina kumadzulo, osadziwana, ndiwo akutiuza lero mmene makolo athu ankatchulira mawu zaka 170 zapitazo. Mwana wa ku Mecanhelas akatchula mawu mosiyana ndi wa ku Metangula, musathamangire kunena kuti wina waphonya. Kusiyanako n'kwakale kuposa sukulu iliyonse imene tili nayo.

Tibwere kwathu kuno ku Niassa. Mu 1880 mmishonale wa Anglican, William Percival Johnson, anakakhala ku Mwembe, kwa mfumu Mataka. Anzathu a ku Ngauma ndi Mandimba dzina la Mataka safuna kuwafotokozera. Johnson anaphunzira Chiyao pokhala pakati pa eni ake mpaka pamene anathamangitsidwa chaka chotsatira, kenako anatsikira kunyanja n'kuyamba Chinyanja. Mu 1884, ali ku Quelimane ndi zipangizo za sitima ya mishoni, anadwala maso koopsa n'kuchita khungu. Madokotala a ku England anangobwezeretsa pang'ono diso limodzi. Anabwererabe, ndipo kwa zaka zambiri ankayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima ya Charles Janson, kenako ya Chauncy Maples, uku akumasulira. Baibulo lonse m'Chinyanja cha ku Likoma ndi Messumba linatuluka mu 1912.

Tangoganizani mmene munthu woona movutikira chotero amamasulirira buku lalikulu ngati limenelo. Amadalira khutu, ndipo amadalira anthu: aphunzitsi a m'midzi, ogwira ntchito m'sitima, ophunzira za unsembe, amene ankamuwerengera ndi kumuuza kuti "ayi, ife sititero". Sindikumuchepetsa Johnson, anali munthu wolimba mtima ndipo anafera kuderali, ku Liuli, mu 1928. Koma tikamati anamasulira Baibulo, tizikumbukira kuti pamalopo panali pakamwa pambiri. Patangopita zaka khumi, mu 1922, kutsidya kunatuluka Buku Lopatulika, ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Chinenero chimodzi, Mabaibulo awiri, chifukwa omasulirawo anaphunzira kwa anthu a madera osiyana.

Mwini chinenero kutenga yekha cholembera, kuno kwathu zinaoneka bwino mwa Yohana Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglican amene anatumikira zaka zambiri ku Unangu, kumpoto kwa kumene kuli Lichinga lero. Iye analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, Chiikala cha Wayao, ndipo inasindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwa Chingerezi kwa Meredith Sanderson. Aphunzitsi a Ciyao, kholo likakufunsani ngati chinenerochi chingalembedwe m'buku lenileni, liuzeni kuti munthu wokhala m'chigawo chathu chomwechi anachita zimenezo zaka zoposa zana zapitazo.

Pali nkhani ina imene ndingoidutsa mwachangu, ngakhale kuti zotsatira zake timakhala nazo tsiku lililonse. Mu 1937 ku America kunatuluka A Grammar of Chichewa, lolembedwa ndi Mark Hanna Watkins, Mmerika wakuda amene anaphunzira pa yunivesite ya Chicago. Amene ankamutchulira mawu anali wophunzira wa ku Kasungu, Kamuzu Banda. Mwa onse amene anakhala pampando wa Salimini, uyu yekha ndiye anadzakhala ndi mphamvu yolamula. Mu 1968 dziko la Malawi linasintha dzina la chinenerochi kuchoka ku Chinyanja kukhala Chichewa, pamene ife ndi anzathu a ku Zambia tinatsala ndi dzina lakale. N'chifukwa chake mwana wa ku Mandimba akawoloka pa Chiponde amauzidwa kuti akulankhula Chichewa, akabwerera m'kalasi amauzidwa kuti ndi Cinyanja, pomwe pakamwa pake sipanasinthe kanthu.

Tsopano tifike pa nkhani imene imatipweteketsa mutu tikamachonga makope, ya c ndi ch. Aliyense wa odziphunzitsa aja ankalemba zimene wamva pogwiritsa ntchito zilembo za kwawo. Mpwitikizi akamva "nya" ankalemba "nha", n'chifukwa chake m'zikalata zakale mumapeza Nhanja. Dzina la tauni yathu lili ndi "Cua" pamene ife tikanalemba "Kwa". Mngerezi akamva liwu loyamba la "chala" ankalemba ch. Pambuyo pake okonza kalembedwe anaona kuti c yekha ndi wokwanira, ndipo amene muli ndi Baibulo lakale la agogo mukatsegula mupeza "cifukwa" ndi "cikondi". Malawi inabwezeretsa ch m'malamulo a kalembedwe a 1973. Zambia inakhalabe ndi c. Kuno ku Mozambique, pamene akatswiri a NELIMO pa yunivesite ya Eduardo Mondlane anachititsa msonkhano woyamba wogwirizanitsa kalembedwe ka zinenero zathu mu 1988, nafenso tinatsata c.

Zotsatira zake n'zakuti zilembo ziwiri zomwezo, ch, zimaimira mawu atatu m'moyo wa mwana mmodzi. M'phunziro la Chipwitikizi, "chuva" amayamba ndi liwu ngati "sh". Pa uthenga wa WhatsApp wochokera kwa malume ake ku Mangochi, "chala" ali ndi liwu lathu la masiku onse. M'mabuku olemba ndi c, monga a ku Zambia, ch amamusungira liwu lotulutsa mpweya, moti "ntchito" imalembedwa "nchito". Ine ndimaona kuti c ndi woyenera m'kalasi ya kuno, chifukwa mwana amene akuphunzira zinenero ziwiri nthawi imodzi amasokonezeka pang'ono ngati ch ali wa Chipwitikizi chokha. Tsamba lino ndimalemba ndi ch chifukwa ndi mmene ambiri mwa inu munazolowerera kuwerenga, m'mabuku a nyimbo ndi pa foni. Mwana akasakaniza ziwirizi, muuzeni kalembedwe ka m'buku lake, koma musamuike m'gulu la osadziwa kulemba. Akungobwereza mkangano wa akuluakulu umene sunathe.

Za l ndi r ndi chimodzimodzi. Timalemba "kulira" ndi "kulera" koma "kulola" ndi "kulula", potsatira lamulo lakuti r abwere pambuyo pa i kapena e. Agogo anu akamalankhula saganizako zimenezo, kwa iwo ndi liwu limodzi. Vuto limabwera mwana akafika pa Chipwitikizi, kumene "caro" ndi "calo" ndi zinthu zosiyana kotheratu. Mphunzitsi wodziwa zimenezi sakalipa, amangodziwa pamene ayenera kuchedwapo.

Tisaiwale kuti sukulu inabwera mochedwa pa nkhani yonseyi. M'nthawi ya atsamunda chinenero cha sukulu chinali Chipwitikizi, ndipo zathu zinkaloledwa makamaka pophunzitsa za chipembedzo. Titalandira ufulu mu 1975 Chipwitikizi chinapitiriza. Kuyesa koyamba kophunzitsa m'zinenero ziwiri, ntchito ya PEBIMO, kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Cinyanja ku Tete ndi m'Xichangana ku Gaza, ndipo ndondomekoyi inalowa m'sukulu za boma mu 2003. Kuchokera pa Salimini kufika pa 2003 ndi zaka 150. Nthawi yonseyo odziphunzitsa okha ochuluka kwambiri sanali amishonale ayi, anali anthu athu. Amuna amene anapita kumigodi ya Joni ndi Rhodesia anatola Fanakalo, chimene ena ankachitcha Chilapalapa, chinenero cha ntchito chosakaniza Chizulu, Chingerezi ndi Chibunu, chimene palibe mayi anayamwitsira mwana. Lero pitani pa siteshoni ya Cuamba sitima ya ku Nampula ikafika, mumve mayi wogulitsa nthochi akuitanira malonda m'Emakhuwa, kuyankha wa ku Mandimba m'Ciyao, kutsutsana mtengo ndi wa ku Nayuchi m'Chinyanja, n'kuwerenga chenji m'Chipwitikizi. Palibe anamupatsa satifiketi.

Womaliza pa anthu anga ndi amene anafunsa funso limene enawo sanafunse: n'chifukwa chiyani tikulemba ndi zilembo zobwereka? Nolence Mwangwego, Mmalawi wobadwira ku Mwinilunga ku Zambia mu 1951, anali ku Paris mu 1977 pamene ganizoli linamubwerera. Iye ankati, ngati zinenero zathu zili ndi mawu akeake otanthauza kulemba, ndiye kuti makolo anali ndi njira zawo zoikira zizindikiro. Kaya mfundoyo mukuivomereza kapena ayi, munthuyu sanangoilankhula. Anayamba kupanga zilembo zake mu 1979, n'kuzionetsa kwa anthu mu April 1997, ndipo anapitiriza kuzikonza mpaka mu 2003. Sanapange chinenero chatsopano monga anachitira Zamenhof ndi Esperanto mu 1887. Chinenero anachipeza kale pakamwa pa anthu, iye anangochisokera chovala cha msinkhu wake.

Kalembedwe ka Mwangwego kali ndi zizindikiro zoyambira 32 zimene anazitcha misisi. Chilichonse chimaimira phatikizo lathunthu lothera ndi a, monga ba, ka, ma, ndipo mukafuna be kapena ku mumawonjezerapo kachizindikiro. Palinso tizizindikiro tosonyeza liwu lotulutsa mpweya ndi lodzera m'mphuno. Aphunzitsi a kalasi yoyamba mukuona kale nzeru yake, chifukwa ifenso ana timawayambitsa ndi ba, be, bi, bo, bu, osati ndi b yekha. Ndipo mkangano wa c ndi ch m'kalembedweka mulibe.

Mwangwego anaikanso chizindikiro cha chinthu chimene kalembedwe kathu ka masiku onse kanachisiya panja, ndicho kukweza ndi kutsitsa mawu. Nenani mokweza: "mtengo wa mango wagwa", poyamba mukutanthauza umene umabala zipatso, kachiwiri mukutanthauza wa pamsika. Pakamwa panu pasintha, pepala silinasinthe. Khungu la pathupi ndi khungu la wosaona n'chimodzimodzi. Mwana woyamwa Chinyanja amafika kusukulu akudziwa kale kusiyanitsa zimenezi popanda womuuza, pamene mphunzitsi wochokera ku Nampula amene watumizidwa ku Mecanhelas, nadziphunzitsa Chinyanja m'buku, sangazipeze pa tsamba lililonse. Amayenera kukhala pansi ndi mwini chinenero ngati Rebmann, ndipo kawirikawiri mwini chineneroyo amakhala mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wa m'kalasi yake yomweyo.

Zilembo za Mwangwego sizinalowe m'silabasi ya sukulu za ku Malawi, ndipo amene amazidziwa anaziphunzira m'timagulu ta anthu ofuna okha. Kuno ku Niassa aphunzitsi ambiri amene ndawafunsa sanamveko dzina lake. M'mabuku athu a Cinyanja, ndi m'mabuku a Chichewa a kutsidya kwa Chiponde, mitengo iwiri ija imalembedwabe mofanana.